Bokosi la ulendo wa kumudzi

M'mwezi wa Novembala chaka cha 2008, mayi wina wokhala ku Makusha, m'tauni ya migodi ya Shurugwi m'dziko la Zimbabwe, adakoka bokosi lachitsulo limene lidakhala kunsi kwa bedi kwa zaka 38. Adathyola loko ndi nyundo, natulutsamo mabulangete awiri, mapoto atatu ndi mbale khumi, zonse zatsopano, zina zikadali m'mapepala a kusitolo. Adapita nazo kumidzi ya kwa Nhema ndipo adabwerako ndi ndowa zitatu za chimanga. Usiku umenewo adzukulu ake atatu adadya nsima, patatha masiku anayi akugonera maula, zipatso zimene Ashona amati chakata.

Mwamuna wake adadya nawo nsimayo osafunsa kumene ufa udachokera. M'mawa mwake adaona loko wothyoka. Sadakalipe ndipo sadakweze dzanja. Adangotenga mphasa nakayala pabalaza, ndipo kuyambira tsiku limenelo adaleka kulankhula ndi mkazi wake. Akafuna madzi osamba ankatuma mdzukulu kuti, "Kawauze agogo ako aakazi." Nsima ikapsa ankadya atayang'ana kukhoma. Miyezi isanu idatha motero m'nyumba ya zipinda ziwiri, pakati pa anthu amene adakwatirana mu 1970.

Nkhoswe wa m'komboni

Amene adaitanidwa kudzakonza nkhaniyi adali bambo wa zaka 68, mbadwa ya ku Dedza, mkulu wa mpingo wa CCAP. Iye ndi mwini nyumbayo adachoka kwawo tsiku limodzi mu 1961, mwini nyumba ali ndi zaka 17 zokha. Pa tsiku la ukwati, ndiye adaima ngati nkhoswe wa kuchimuna.

Kumudzi, ukwati wa Achewa umamangidwa ndi ankhoswe a mbali ziwiri, kawirikawiri amalume kapena achimwene aakulu. Banja likadwala, likakangana kapena likatha, iwo ndiwo amayamba kumva. M'makomboni a migodi amalume adali osowa. Munthu ankasankha mnzake wochokera boma limodzi, amene adadya naye m'mbale imodzi paulendo, ndipo unkhoswe wotero unkalemekezedwa ngati wa magazi.

Anthuwa adali ana a ulendo wakale. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anyamata a ku Nyasaland ankathawa msonkho wa nyumba ndi thangata, nayenda pansi milungu ingapo kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, mpaka ku Mutoko. Pambuyo pake kudabwera malole a Ulere ndi bungwe lolemba anthu ntchito limene kwawo ankalitcha Mthandizi. Ambiri adamwazikana m'chigawo cha Midlands: kumgodi wa golide wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, kumgodi wa asbestos ku Shabani kumene lero ndi Zvishavane, kumigodi ya chrome ndi golide ku Selukwe kumene lero ndi Shurugwi, ndi kufakitale ya zitsulo ku Redcliff. Adatenga gule wamkulu ndi beni, adatenganso mapemphero awo. Mu 1912 m'busa T.C.B. Vlok adachoka ku Nkhoma kukatumikira anthu ameneŵa ku Salisbury, ndipo mu 1965 ntchitoyo idakula nkukhala sinodi ya CCAP payokha, imene lero imatchedwa Harare Synod.

Pafupifupi aliyense ankati wabwera kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Ankafuna njinga, makina osokera, ndalama za malata ndi bokosi lodzaza katundu, kenaka abwerere. Amene adachedwa, kumudzi adawatcha matchona. Dzinali linkawawa, ndipo bokosi la kunsi kwa bedi ndilo lidali umboni woti munthu sadatchone, wangochedwa.

Mlandu woyamba

Nkhoswe adakhazika pansi banjalo mu Epulo 2009. Nkhoswe wa kuchikazi, mlongo wake wa mayiyo, adali atamwalira kale, choncho m'malo mwake mudakhala mayi wina wachikulire wa Chigwirizano cha amayi. Nkhaniyo adaitenga monga adazolowera kutengera nkhani zonse za m'banja: wodandaula alankhule, woyankha ayankhe, wolakwa apepese.

"Achimwene, tauzeni anthu chimene chakukhumudwitsani," adatero nkhoswe.

"Katundu wanga adagulitsidwa ine ndili moyo, osandifunsa," adayankha mwamunayo, nangokhala chete.

"Nanga inu alamu, mukuti bwanji?"

"Ankhoswe, ana akadadya bulangete? Wamng'onoyu adali atayamba kutupa mapazi. Ndikadafunsa, akadakana. Ndidasankha kuti andide koma mwana akhale moyo."

Palibe amene akadatsutsa za njala ya chaka chimenecho. Boma lidalengeza kuti pofika mu Julaye 2008 mitengo ya zinthu idali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka, ndipo mu Januwale 2009 kudatuluka ndalama ya pepala ya madola 100 thililiyoni. M'masitolo mudalibe kanthu. Fakitale ya zitsulo ya ku Redcliff idaima mu 2008, ndipo mgodi wa asbestos wa ku Zvishavane, umene boma lidaulowerera mu 2004, udali kulowa pansi. Penshoni za anthu amene adagwira ntchito moyo wawo wonse zidasungunuka, kotero kuti mu 2015 boma lidakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi woweruza wopuma George Smith, kuti ione mmene ndalamazo zidatayikira. Mwamuna wa nkhani ino adapuma ntchito mu 2004 atalowa pansi zaka 43. Pofika 2008 penshoni yake ya mwezi sinkakwana kugula buledi mmodzi.

Nkhoswe adagamula kuti onse awiri adalakwa: mayi posafunsa, bambo posunga mkwiyo. Mayi adapereka nkhuku ya chipepeso, bambo adailandira, adapemphera, nagwirana chanza. Nkhoswe adabwerera kwake ali wokhutira. Patatha milungu itatu mdzukulu wamkulu adafika pakhomo pake kudzanena kuti agogo aamuna akugonabe pabalaza, ndipo tsopano akukana ndi chakudya chomwe.

Usiku umenewo nkhoswe sadagone. Adaweruza milandu yambiri ya mabanja m'komboni, ya mowa, ya chigololo, ya malipiro othera kubala, ndipo nkhuku inkathetsa nkhani. Apa nkhuku idadyedwa koma mlandu udatsala. Adakumbukira kuti nayenso adali ndi bokosi. Mkazi wake atamwalira mu 2003 nkuikidwa m'manda a ku Shurugwi, adagawira ana zonse za m'bokosimo, ndipo kwa chaka chathunthu ankadzuka m'mawa osadziwa chimene wadzukira. Adazindikira kuti pa mlandu uja adafunsa za mtengo wa katunduyo ndi za ulemu wa mwamuna, koma sadafunse kuti bokosilo lidali chiyani kwa mwini wake.

Zimene zidali m'bokosi

Loweruka lotsatira adatenga mnzakeyo napita naye kumsewu wa Boterekwa, kumene msewu wa ku Zvishavane umatsika mokhotakhota m'mapiri. Adakhala pamwala. Nkhoswe sadatchule za mkazi kapena za kukhululuka.

"Achimwene, bulangete lofiira lija mudagula liti?"

Mwamunayo adakhala chete nthawi yaitali asanayankhe.

"Mu 1970, ndi malipiro oyamba nditakwatira. Lidali la amayi anga."

Amayi akewo adamwalira mu 1983, ndipo kalata idafika maliro ataikidwa kale mwezi wathunthu. Bulangetelo lidasanduka la mlongo wake. Mapoto adagula mu 1976, chaka chimene mwala udagwa nkupha anzake awiri a m'gulu lake, iye nkupulumuka ndi bala la paphewa. Mbale adagula mu 1980, pa chisangalalo cha ufulu wa Zimbabwe, poganiza kuti zinthu zikhala bwino ndipo ulendo wayandikira. Chinthu chilichonse chidali ndi chaka chake ndi mwini wake kumudzi.

"Mukudziwa inu mmene kheji imatsikira," adatero. "Tsiku lililonse ikamatsika ndinkaona nyumba ya njerwa kuseri kwa phiri la Dedza, ine ndi amayi a kunyumbawa titakhala pakhonde. Fumbi ndidalimeza, chifuwachi nchimenechi. Tsono ngati sitipita kwathu, ndinkalowera chiyani pansi zaka zonse zija? Sindidakwiyire mapoto ayi. Pamene ndidaona loko uja ndidadziwa kuti iwo adaleka kale kukhulupirira, ndipo ndatsala ndekha."

Patapita masiku awiri nkhoswe adakacheza ndi mayiyo, mayi wa Chigwirizano ali pomwepo monga mwambo ufunira. Adamufunsa funso limene palibe adamufunsapo m'zaka 38: kodi iye mwini ankaufuna ulendowo?

Mayiyo adabadwira m'komboni mu 1952, kwa makolo ochokera ku Ntcheu. Ku Malawi sadapondeko. Chichewa adachiphunzira pamwendo pa amayi ake, Chishona pabwalo la masewera.

"Poyamba ndinkaufuna chifukwa iwo ankaufuna," adatero. "Ndinkapukuta bokosilo mwezi ndi mwezi. Koma mu 2004, chaka chimene tidati tinyamuke, mwana wathu wamkazi adatisiya. Mankhwala otalikitsa moyo adali atangoyamba kumene kuperekedwa m'zipatala za boma, iye sadawapeze. Adandisiyira ana atatu opanda chitupa chobadwira, bambo wawo osadziwika kumene ali. Tsiku limene tidamuika ndidadziwa kuti sindidzachoka kuno. Mchombo wanga uli kuno, manda a amayi ali kuno, a mwana wanga ali kuno. Kwathu nkuti, ankhoswe?"

"Nanga bwanji simudawauze abambo?"

"Ndikadawauza bwanji munthu amene watsala ndi chinthu chimodzi chokha? Ndidaopa kuwapha."

Nkhoswe adaona tsopano kukula kwa nkhaniyo. Kwa zaka zinayi mwamuna adali kukhalira ulendo, mkazi adali kukhalira adzukulu, ndipo aliyense ankabisa za mumtima mwake poopa kupweteka mnzake. Cholinga chimene chidamanga banjalo mu 1970 chidafa mu 2004, koma maliro ake sadalengezedwe.

Zimene akatswiri adapeza

Nkhoswe wa ku Makusha sadawerengepo mabuku a uphungu wa mabanja, koma zimene adatulukira pamwala wa ku Boterekwa zimagwirizana ndi zimene akatswiri a maiko ena adapeza.

Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna, adapulumuka m'ndende za chipani cha Nazi, kumene makolo ake, mchimwene wake ndi mkazi wake adafera. M'buku lake la mu 1946 adafotokoza kuti akaidi amene adali ndi china chowadikira kunja, kaya munthu wokondedwa kapena ntchito yosamalizidwa, ankapirira kuposa amene adaona kuti kutsogolo kulibe kanthu. Nkhondo isanayambe, Frankl adagwiranso ntchito pakati pa achinyamata osowa ntchito a ku Vienna, ndipo adaona kuti ambiri ankadwala maganizo chifukwa ankayesa kuti munthu wopanda ntchito ndi wopanda pake. Akapatsidwa chochita chothandiza ena, ngakhale chopanda malipiro, ambiri ankatsitsimuka, njala ikadalipo. Matauni a migodi yotsekedwa adzaza ndi abambo otere.

John Gottman, wa ku yunivesite ya Washington ku America, adatha zaka zambiri akuonerera mmene mabanja amakanganirana. Adapeza kuti pafupifupi mikangano 69 pa 100 iliyonse ya m'banja ndi yosatha: imachokera ku kusiyana kwa anthu awiriwo ndipo imabwerabwera moyo wonse. Mabanja olimba nawonso ali nayo, koma amatha kuikambirana. Pamene mkangano wauma osasuntha, iye adati kawirikawiri pansi pake pamakhala loto la mmodzi kapena la onse awiri limene silidamvedwe, ndipo phungu ayambe wafukula lotolo asanafune njira yogwirizanitsira. M'buku limene adalemba ndi Nan Silver mu 1999, mfundo yomaliza mwa mfundo zisanu ndi ziwiri za banja lolimba ndi yoti awiriwo amange tanthauzo limodzi la moyo wawo: miyambo ya pakhomo, maudindo, zolinga ndi zizindikiro zimene onse akuzimva mofanana. Bokosi la ku Makusha lidali chizindikiro chotero, koma lidafika potanthauza zinthu ziwiri zosiyana.

Ku Zimbabwe komweko, dokotala Dixon Chibanda adayambitsa ntchito ya Friendship Bench mu 2006 ku Mbare, mu mzinda wa Harare. Agogo aakazi amaphunzitsidwa kumvetsera anthu ovutika ndi kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira muyeso, atakhala pabenchi panja pa chipatala. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016 adaonetsa kuti njirayi imachepetsadi matenda a maganizo, ndipo ntchitoyi idafalikira kumadera ena kuphatikizapo Gweru, likulu la Midlands. Gawo loyamba la machezawo amalitcha kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo. Gogo sayamba ndi malangizo. Amafunsa ndi kumvetsera mpaka mwini nkhani atchule yekha chimene chikumulemera.

Msonkhano wachiwiri

Mu Juni 2009 nkhoswe adawakhazikanso pansi. Adapempha kuti bokosilo alitulutse nkuliika pakati pa mphasa.

"Lero palibe wolakwa ndipo palibe nkhuku," adatero. "Achimwene, auzeni alamu zimene mudandiuza pamwala paja. Alamu, musayankhe mpaka amalize. Kenaka inunso mulankhule, iwo amvetsere."

Mwamunayo adafotokoza za bulangete lofiira, za kheji ndi za khonde la ku Dedza. Mkazi wake adali asanamvepo kuti anzake awiri aja adafera pafupi ndi iye, mwala umodzimodziwo. Mayiyo adafotokoza za tsiku la maliro a mwana wawo ndi za zaka zinayi zopukuta bokosi limene sankalikhulupiriranso. Atamaliza, mwamunayo adalankhula naye mwachindunji, koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri.

"Amayi, mukadandiuza."

"Abambo, mukadandifunsa."

Nkhoswe adadikira kuti misozi iphwe, kenaka adafunsa kuti, "Mu 1970 mudandiuza kuti mukukwatirana kuti mudzamange kumudzi. Ndidavomera ndipo ndidaikira umboni. Lero ndikufunsanso ngati nkhoswe wanu: zaka zimene Mulungu wakusungirani, banja lino likhalira chiyani? Musandiyankhe lero."

Adatenga milungu isanu ndi umodzi. Atabwera adanena zinthu zitatu zimene adagwirizana. Choyamba, adzukulu apeze zitupa ndipo aphunzire. Imeneyi ikhala ntchito ya onse awiri, ndipo bambo ndiye aziyenda m'maofesi chifukwa amadziwa kuwerenga Chingerezi. Chachiwiri, bambo apite ku Dedza kamodzi, akaone manda a amayi ake, ndipo banja lonse lisonkhe ndalama za ulendowo. Chachitatu, bokosi lisatayidwe. Zotsalamo azigwiritsa ntchito pakhomo, kupatula nsalu ziwiri zopita kwa mlongo wake, ndipo m'bokosimo muzisungidwa mapepala a ana.

Nkhani ya zitupa idali yolemera. Lamulo la unzika limene lidasinthidwa mu 2001 lidalamula kuti aliyense amene angakhale ndi ufulu wa unzika wa dziko lina aukane m'miyezi isanu ndi umodzi. Ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, obadwira m'migodi ndi m'mafamu, sadamve kapena sadathe kutero, ndipo adasanduka alendo m'dziko limene adabadwira. Kholo lopanda mapepala limabala mwana wopanda mapepala, ndipo mwana wopanda chitupa chobadwira amavutika kulembetsa mayeso a Grade 7. Bamboyo adayamba kusonkhanitsa makadi a sikelo, kalata ya ubatizo, kalata ya imfa ya mwana wake ndi umboni wa aphunzitsi. Ankadzuka m'mamawa, kuvala jekete lake la kutchalitchi, nkukakhala pamzere. Chakudya adayambanso kudya, ndipo mphasa idachoka pabalaza.

Ulendo ndi zotsatira zake

Ndalama zidakwana mu 2012. Mayi adagulitsa tomato ndi masamba a m'dimba, mwana wawo wamwamuna wa ku Johannesburg adatumizako pang'ono, ndipo bungwe lawo la maliro lidabwereketsa zotsala. Bamboyo adakwera basi ku Harare, kudzera pachipata cha Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel ku Tete, nkulowa m'Malawi pachipata cha Dedza. Njira imene idamutengera masiku ambiri mu 1961 adaiyenda tsiku limodzi ndi usiku.

Mlongo wake adamulandira ndi kulira. Adamuphera mbuzi, namuonetsa manda. Koma malo amene ankawaona m'maganizo kheji ikamatsika adali atalimidwa mbatata ya kachewere ndi ana a mlongo wakeyo, eni ake enieni a nthakayo monga mwa mwambo wa mbumba. Achinyamata ankamutcha agogo a ku Halale ndipo ankaseka Chichewa chake chosakanizika ndi Chishona. Adakhala milungu itatu. Atabwerera adauza nkhoswe kuti, "Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, akulu adanenadi. Ndakaona kwathu, ndipo mtima wagwa. Koma usiku uliwonse kumeneko ndinkaganiza ngati ana adya."

Mu 2013 Zimbabwe idalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko. Gawo 43 lidati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye amakhala m'Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Mayiyo adasintha chitupa chake, ndipo mu 2014 adzukulu adapeza zitupa zobadwira. Awiri aang'ono adalemba mayeso awo. Kwa wamkulu zidachedwa: adali atasiya kale sukulu nkulowa m'gulu la makorokoza, okumba golide m'maenje akale a m'mapiri a Shurugwi. Agogo ake aamuna, amene ankadziwa mmene nthaka imaphera, sadaleke kudandaula za iye. Umphawi sudachoke pakhomopo, ndipo masiku ena bamboyo ankakhalabe chete atayang'ana kumpoto. Kusiyana kwake kudali kwakuti mkazi wake tsopano ankadziwa kumene maganizo apita, ndipo ankakhala naye pafupi mpaka abwerere.

Bamboyo adamwalira mu 2017 ndi matenda a chifuwa. Adali atanena kale pamaso pa nkhoswe kuti adzaikidwe ku Shurugwi, pafupi ndi mwana wake.

Phunziro kwa alangizi

Nkhoswe uja adapitiriza kuthandiza mabanja mpaka maso ake adachita khungu, ndipo amayi a Chigwirizano amene ankakhala naye pa milandu adatengera njira yake. Njirayo ingathandize mlangizi wa zaumoyo, wa zaulimi, nkhoswe kapena mkulu wa mpingo kulikonse, chifukwa mabokosi otere ali m'nyumba zambiri. Kwa mlimi wa fodya ku Kasungu lingakhale ngolo imene adalonjeza kugula mitengo isanagwe. Kwa banja losabereka lingakhale dzina la mwana amene sadabwere. Kwa amene mwamuna ali ku Joni ingakhale nyumba imene idaima pa mawindo.

Mkangano ukaoneka waukulu kuposa chimene chaubutsa, mlangizi asathamangire kugamula. Ayambe wacheza ndi aliyense payekha, motsata ulemu wa malowo, ndipo afunse za chinthu chenichenicho chimene akukanganira: chidabwera liti, chidali cha yani, chikadzatha chidzatenga chiyani. Afunse aliyense chimene ankayembekeza pa tsiku la ukwati, ndi ngati akuchiyembekezabe. Akawakumanitsa, ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti wina akulankhula mnzake akumva mpaka kumapeto. Loto limene lafa alilole lilire maliro ake, chifukwa munthu amene wauzidwa kuti angoiwala amaumirira kwambiri. Cholinga chatsopano chichokere kwa eni banja, chikhale chotheka ndi mphamvu zimene ali nazo, ndipo aliyense akhale ndi gawo lake logwira. Kawirikawiri kachigawo ka loto lakale kamatha kupulumutsidwa, monga ulendo umodzi uja wa ku Dedza.

Pali malire amene mlangizi ayenera kuwadziwa. Nyumba ya ku Makusha mudalibe ndewu. Kumene kuli kumenya, kuopseza kapena kugwirira, nkhani ya cholinga cha banja iyambe yaima, ndipo woyamba kuganiziridwa akhale wovulazidwayo ndi ana. Kuuza mayi womenyedwa kuti apirire chifukwa banja ndi kupirira ndi kumuika pangozi. Ku Zimbabwe lamulo loletsa nkhanza za m'banja lidayamba kugwira ntchito mu 2007, apolisi ali ndi nthambi yothandiza ozunzidwa, ndipo bungwe la Musasa lakhala likuthandiza amayi kuyambira mu 1988. Ku Malawi lamulo lotere lidakhazikitsidwa mu 2006. Chimodzimodzinso munthu amene waleka kudya, sakugona, kapena akulankhula zofuna kudzipha, apititsidwe kuchipatala msanga, uphungu uzipitirira pambali.

Mayi wa ku Makusha adapereka bokosi lija kwa mdzukulu wake wamkazi pa tsiku la chinkhoswe chake. Mudali zitupa zitatu, makalata a sukulu, chithunzi cha manda a ku Dedza ndi loko wothyoka uja, amene mwamuna wake adakana kuti atayidwe. Pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, gogoyo adauza mdzukulu wake ndi mnyamatayo kuti chaka chilichonse, akatha kukolola, azitsegula bokosilo ali awiri ndi kufunsana ngati zimene akusunga akuzifunabe onse.